Sopo wa ku Woodlands

Amuna anga ankagwira ntchito pansi pa madzi, chonsecho tinkakhala ku Kabwata, kumene madzi ambiri amene tinkawaona anali a m'ngalande nthawi ya dzinja. Anthu ankaseka ndikawauza. Mu Lusaka mulibe nyanja, mulibe ngakhale mtsinje woti munthu wamkulu n'kumiramo mwaulemu, ndiye wolowa m'madzi angadye chiyani? Koma ntchito inalipo. Kampani yawo inkawatumiza ku Kafue ndi kumadamu ena kukaona zitseko ndi mapaipi a pansi, kuchotsa zimene zatseka ndi kumanga zimene zamasuka. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azungu amene anadzamanga limodzi la madamuwo, ndipo azunguwo pobwerera kwawo anasiyira kampani makina opumira amene palibe wina ankafuna kuwavala.

Makinawo sanali ngati aja mumaona pa kanema, otulutsa thovu. Awa ankabweza mpweya womwewo. Munthu akapuma, mpweya unkalowa m'thumba la kumsana, kudutsa m'mankhwala onga laimu amene ankachotsa zoipa, kenako makina n'kuthiramo okosijeni pang'ono kubwezeretsa amene thupi ladya. Motero munthu ankakhala pansi nthawi yaitali, ngakhale m'mapaipi mopanikiza. Ine nditamva koyamba ndinati ndi umve, munthu kumadya masanzi ake. Iwo anaseka mpaka kutsamwa.

M'mutu mwa makinawo munali tizinthu titatu tozungulira, tonga mabatire a tochi odula pakati. Ankatitcha maselo. Ntchito yake inali kulawa mpweya ndi kunena kuchuluka kwa okosijeni. Akachepa, munthu amagona tulo osadziwa. Akachuluka munthu ali pansi kwambiri, amagwa ngati wa khunyu, chopumira n'kuchoka pakamwa. Pamtunda wa khunyu amadzuka n'kusasa fumbi, koma m'madzi sadzuka. Maselo anali atatu chifukwa limodzi likhoza kunama, ndiye makina ankamvera awiri amene agwirizana. Amuna anga ankati ndi mavoti. Ine ndinkati mavoti a m'makina mwawo anali abwinoko, popeza ife pa chisankho ankatipatsa munthu mmodzi n'kutifunsa inde kapena ayi. Ankandiuza kuti nditsitse mawu, tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu ankakhala kuseri kwa mpanda wathu.

Ulendo uliwonse ndinkawauza kuti asapite. Ndinkanena ndikulongedza zovala, ndinkanena ndikukazinga nsawawa za pa njira, ndinkanenanso pakhomo. Iwo ankati, "Nizabwela, amake mwana," n'kunyamula chikwama. Sindikumbukira tsiku limene anaimako ngakhale kuganizira.

Maselo amakalamba ngakhale sakugwira ntchito, choncho asananyamuke ulendo uliwonse ankayenera kuyesedwa. Apa ndi pamene panalowera mkazi wa ku Woodlands, dera la anthu opeza bwino. Ndikumulemba kuti "iye", osati "iwo", ndipo ndikudziwa chimene ndikuchita. Ankakonza makina a kuchipatala, aja ogonetsa anthu pa opaleshoni, amenenso ali ndi maselo a mtundu womwewo. Anaphunzira kunja. Kampani inagwirizana naye kuti aziyesa maselo a amuna anga m'galaja ya kunyumba kwake, kumene anali ndi zipangizo zake. Sanali nesi, koma mkazi aliyense wa kuchipatala nthawi imeneyo anali sisita, ndiye pakhomo pathu panalowa dzina lakuti ba sisita. Ba sisita bakamba ati. Ba sisita sibafuna so. Ba sisita baseka maningi pamene ninabauza. Munthu amene kwathu ankayankhula ngati mawu amagula, akafika pa ba sisita pakamwa pankamasuka.

Zaka zimenezo sopo ankasowa. Mukamva kuti wafika m'sitolo ya boma m'tauni, mumasiya mphika pamoto n'kuthamanga, kukaima pa mzere wokhota mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi zina pofika pa kauntala mumapeza watha, mwangopsa ndi dzuwa. Mtanda umodzi ndinkaudula ndi ulusi, kachidutswa kochapira, kachidutswa kosambira, kachidutswa kobisa. Mphuno yanga inkadziwa fungo la sopo aliyense wolowa m'nyumba mwanga, monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri.

Ndiye Loweruka lina amuna anga anabwera kuchokera ku Woodlands akununkhira sopo amene sindinamudule ine. Fungo lake linali lakuthwa, la mankhwala, koma linali fungo la sopo, ndipo linali m'manja mpaka m'zigongono ndi kumaso komwe. Ndinangoti mwina anagwira girisi. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Kenako ndinaona china: tsiku lopita ku Woodlands ankakana kudzola. Ine ndinaleredwa kuti mwamuna wotuwa ndi manyazi a mkazi wake, ndipo botolo la mafuta ndinkaliika pa mpando pafupi ndi malaya ositasita. Masiku ena onse ankadzola n'kuwala ngati mwana wa pa ubatizo. Tsiku limenelo ankalikankhira pambali.

"Nanga mafuta?" ndinafunsa.

"Lelo iyayi. Ni lamulo ya nchito."

"Nchito yabwanji yamene ifuna munthu ayende otuwa monga alibe mukazi?"

Anamanga zingwe za nsapato n'kutuluka.

Mnzanga woyandikana naye nyumba anali mayi wa ku migodi ya ku Kopala, wogulitsa tinsomba ta kapenta pamsika. Ndinamuuza tikuchapa pa mpopi, ndikuyesa kuseka ngati nkhani yachabe. Iye sanaseke. Anafinya chitenje chake mpaka kudontha komaliza, n'kunena kuti, "Ba neba, ine sinikamba vambili. Koma mwamuna sasamba pamene sanachoke thukuta." Anandisiya ndi mawu amenewo ngati munthu wokusiyira mwana wolira n'kupita kumsika.

Ndinachita nsanje, ndipo sindikufuna kuipatsa dzina lina lokongola. Ndinali ndisanamuonepo mkaziyo, choncho ndinamuumba ndekha. Ndinamupatsa msinkhu, khungu losalala, buluku ndi galimoto. Ndinamupatsa telefoni m'nyumba ndi firiji yodzaza. Ndinamupatsa Chingerezi chotuluka m'mphuno. Ndikamakolopa ndinkakangana naye, ndipo nthawi zonse ndinkapambana. Kutchalitchi abusa akamalalikira za mkazi wachilendo wa milomo yakukha uchi, ndinkavomera mokweza kuposa amayi onse a chigwirizano. Koma ngakhale nthawi imeneyo ndinkadziwa kuti za thukutazo si zimene zinkandidya kwambiri. Chinkandidya chinali chakuti amuna anga ankanyamula mpweya wawo m'chikwama kukaupereka m'manja mwa mkazi wina, ine n'kungotsala ndi nsawawa.

Kenako kunabwera ntchito yaikulu. Chitseko china cha pansi pa damu chinakana kutsekeka, ndipo chinali pakuya kuposa pamene ankafika masiku onse. Maselo atsopano anali asanabwere kwa nthawi yaitali, chifukwa ankachokera kunja ndipo chilichonse chochokera kunja chinkadikira chilolezo cha ndalama zakunja. Izi anandiuza okha akudya, mopanda nkhawa, ngati akunena za mtengo wa tomato. Ndinawapempha kuti asapite. Ndinatchula ana, ndinatchula amayi awo, ndinalira. Anandisisita paphewa ndi dzanja losadyera n'kupempha mchere.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka limenelo ndinati ndipita nawo ku Woodlands.

Ndinakonzeka ngati wopita ku ukwati wa mdani. Tsitsi ndinaliwongola ndi chipeso chamoto, mafuta osaumira. Mikono ndi miyendo ndinadzola gilisalini mpaka ntchentche ikanatera ikanaterereka. Ndinavala suti yanga ya chitenje ya pa Khirisimasi, ndipo mnzanga wa kapenta anandithira perefyumu wake kuseri kwa makutu n'kunena kuti, "Muyende mukamuonese ati nyumba ili na mwine wake." Amuna anga atandiona anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anangoti, "Tiyeni."

Tinakwera minibasi ya ku Chilenje n'kumalizira wapansi. Ku Woodlands misewu inali ya mithunzi, mipanda ya maluwa yodulidwa bwino, agalu akuuwa mwaulesi kuseri kwa mageti. Nsapato zinkandiluma koma ndinayenda ngati sizikundiluma.

Mkaziyo anatitsegulira geti yekha. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kufuna mwini nyumba, ndisanazindikire kuti ndi yemweyo. Anali wamfupi, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, tsitsi lometa, atavala jasi yakale ya kuchipatala ndi patapata. Manja ake anali otuwa ngati a munthu woumba njerwa. Munthu wanzeru akanapepukidwa mtima pamenepo. Ine ndinakwiya, chifukwa ndinali nditavalira nkhondo ndipo mdani sanavale n'komwe.

"Ndimwe ba madamu? Muli shani, mayo? Mwachita bwino kubwela," anatero, akugwira dzanja langa ndi manja awiri. Kenako anayang'ana chikhato chake, chimene tsopano chinkanyezimira, n'kuyang'ana mikono yanga ndi tsitsi langa.

"Pepani mayo, mu galaja simuzangena. Mwazola maningi. Mukati tisebenzesa okosijeni yeka yeka, na pulesha. Ikakumana na mafuta iyaka, olo palibe machisa. Nizakuikilani mupando apa pa komo, muzaona vonse."

Pambali pa galaja panali mpopi, ndipo pa njerwa panali mtanda wa sopo wachikasu wa kuchipatala. Fungo lake linandipeza ndisanafike. Amuna anga anapinda malaya osauzidwa, n'kuyamba kukwecha manja mpaka m'zigongono, m'zikhadabo, kumaso, ngati mwana wa sukulu tsiku loyendera aphunzitsi aakulu. Mkaziyo anasambanso dzanja limene ndinamupatsa moni. Anasamba nthawi yaitali, ine ndikuona.

Ndinakhala pa mpando uja pakhomo, chikwama pamiyendo, ndikunyezimira padzuwa. Nkhani ya thukuta inathera pa mpopi pomwepo, ndipo ndinayembekeza kuti mtima utsika. Sunatsike. M'katimo munali tebulo loyera, botolo lalitali lachitsulo la okosijeni litamangidwa kukhoma ndi tcheni, ndi kabokosi ka mawotchi atatu, iliyonse ndi singano yake. Awiriwo anaweramira tebulo, mitu pafupi, ndipo sankafunika kuyankhula. Iye akatambasula dzanja, amuna anga ankaikamo sipanala yoyenera. Kwathu munthu yemweyo sankadziwa kumene timasunga masupuni.

Mkaziyo ankafotokoza mokweza kuti ndimve, ndipo zimenezonso zinandinyansa, chifukwa ankafotokoza bwino. Poyamba anasiya maselo pa mpweya wamba, womwe tonse tinkapuma. Singano zitatu zinaima pamodzi. Kenako anawaika m'kathumba n'kutsegulira okosijeni yekhayekha. Singano zinakwera. Asanakhudze kalikonse anayang'ana wotchi ina ya pakhoma yoyeza kulemera kwa mpweya, n'kunena kuti Lusaka ali pamtunda, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo buku la makinawo analembera anthu a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ukakakamiza singano kufika pamene buku likunena, waphunzitsa makina bodza ndi dzanja lako. Anakonza pang'ono ndi kasikuludiraiva. Singano zitatu zinagwirizananso.

Amuna anga anatembenuka n'kundimwetulira. "Waona, amake mwana? Yonse yali bwino."

"Tikalibe kusiliza," anatero mkaziyo osadzutsa mutu.

Pansi pa tebulo anatulutsa mphika wachitsulo chochindikala, wa chivundikiro chomanga ndi mabawuti, mawaya akutuluka pambali. Anati pamtunda pano selo lotopa limatha kunamizira mphamvu, chifukwa silifunsidwa zambiri, ndipo mphikawo unali woti ulifunse zimene madzi akuya adzalifunse. Anaika maselo m'katimo, kumanga, n'kutsegula okosijeni pang'onopang'ono, dzanja lili pa chotsegulira ngati munthu wothira mchere m'ndiwo za alendo. Singano zitatu zinanyamuka limodzi. Zitakwera pang'ono, ziwiri zinayamba kuzengereza, kenako zinaima, mbali ndi mbali. Yachitatu inapitirira yokha.

"Iyi imozi yafunta," anatero amuna anga, akuloza imene inapitirira.

"Iyo imozi ndiye ikamba zoona. Onani geji ya mphika, ikwela nayo pamozi. Aya yabili yanabwela mu bokosi imozi, yakalamba pamozi, manje yanama pamozi."

Anatsitsa mpweya n'kuyambiranso, kuti asanamizire maselo osalakwa. Zinachitika chimodzimodzi. Ngakhale ine wa pakhomo ndinamvetsa. Pansi pa damu makina akanamvera awiri ogwirizanawo, akanaganiza kuti okosijeni wachepa, n'kumathira, n'kumathirabe, ndipo amuna anga akanayang'ana pa mkono n'kuona singano ziwiri zikuwauza kuti zonse zili bwino.

Mkaziyo anamasula mabawuti, kutulutsa maselo awiri aja n'kuwalemba mtanda ndi penti yofiira.

"Simuzangena mu manzi na aya," anatero.

"Nanga ba bwana? Motoka inyamuka pa Mande."

"Mubauze ati ndine nakana. Bakafuna banitumile foni."

Amuna anga anayang'ana maselo aja kanthawi kochepa. "Chabwino," anatero, n'kuyamba kupindula manja a malaya.

Basi. Panalibe kukangana, panalibe kusisita phewa, panalibe kupempha mchere. Chimene ndinachilirira zaka zonse zija, mkazi wa patapata anachitenga ndi mawu osakwana mpweya umodzi, akupukuta tebulo. Ndinadziwa kuti wapulumutsa bambo wa ana anga. Ndinadziwa kuti ndiyenera kugwada pa simenti ija n'kuomba m'manja. Ndinathokoza ndithu, mawu anatuluka, koma m'kati ndinkapsa ngati ndameza khala.

Anatipatsa tiyi pakhonde. Anafunsa za ana, anayamikira chitenje changa, ndipo ndinafufuza chipongwe m'mawu ake osachipeza. Potsanzikana analowa m'nyumba n'kubwera ndi mtanda wathunthu wa sopo uja atakulunga m'nyuzipepala. Ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa nsanje sichapa zovala.

Pobwerera tinayenda wapansi mpaka ku Chilenje. Ndinavula nsapato n'kuzinyamula m'manja, ulemu unali utatha ntchito. Ndinadikira kuti tidutse mipanda ya anthu, kenako ndinafunsa.

"Imwe, nakuuzani kangati ine ati osayenda?"

"Kambili."

"Manje uja akamba kamozi chabe, mwamvela."

Anayenda pang'ono, chikwama cha makina chikugunda mwendo. Atayankha, sanayankhe mokwiya. Ankafotokoza ngati mmene mkazi uja ankafotokozera, mofuna kuti ndimvetse.

"Iwe ukamba osayenda siku iliyonse. Manzi yankhale yafupi, yankhale yatali, mashini inkhale bwino olo yoipa, singano yako ili pamozi pamene. Manje nizaziba bwanji siku yamene ni zoona?"

"Nikamba cifukwa nikukondani."

"Niziba. Ndiye cifukwa cake. Uja sanikonda. Akakamba ati osangena, ninshi ni maselo."

Mu minibasi anandisungira malo a pawindo, analipira, anagulira ana chimanga chowotcha pa siteji. Anali munthu wokondwa, wopepukidwa, ndipo sankadziwa kuti wanena kanthu.

Lolemba galimoto inapita popanda iwo. Abwana anang'ung'udza, ntchito inadikira, ndipo kwa miyezi ingapo amuna anga ankapita ku ofesi m'tauni kukakonza mapampu n'kubwera madzulo aliwonse ngati amuna a anthu ena. Ndinali nawo pakhomo monga ndinkafunira. Koma ndikawaona atakhala pakhonde akusewera ndi ana, ndinkadziwa amene anawakhazika pamenepo, ndipo chimwemwe changa chinkakhala ndi mchenga. Mnzanga wa kapenta atafunsa mmene ndinayendera, ndinangomuuza kuti mkaziyo ndi wosaoneka bwino. Anakhutira, ndipo ndinamusirira.

Maselo atsopano anafika mvula itayamba, wina atawabweretsa m'chikwama cha m'manja kuchokera kunja. Loweruka amuna anga anapita ku Woodlands, otuwa, ine osanena kanthu za mafuta. Lolemba m'mawa galimoto ya kampani inaima pamsewu n'kuliza hutala. Ndinawaperekeza pakhomo ndi kathumba ka nsawawa. Mawu anga a masiku onse anafika pakamwa, ndipo iwo anaima kuwadikira, mwaulemu, monga munthu adikira pemphero la chakudya kuti lithe. Sindinawanene. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakufunsa zina.

"Ba sisita bakamba bwanji?"

"Bati yonse yatatu yakwela bwino mu mphika."

"Yendani bwino."

Galimoto itakhota, ndinaima kudikira mantha aja amene ankandigwira pamimba ulendo uliwonse, ondilepheretsa kudya mpaka abwere. Sanabwere. Zaka zonsezo amuna anga ankandilonjeza kuti abwera, abusa ankapemphera, amayi anga ankandilimbitsa, mtima osamva. Tsiku limenelo unakhala pansi phee chifukwa mkazi wa ku Woodlands wanena. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsuka mbale, ndinasesa, ndipo ndili pakati poyanika zovala ndinadzipeza ndikuimba nyimbo. Ndinaleka pomwepo, ndi mkwiyo, n'kumaliza kuyanika chamumtima.